Timawu Tapansi pa Kanema

Mipando yobwereka ya pamaliro inali isanabwezedwe pamene amayi anapempha kuti awayatsire kanema. Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza, anayang'ana achimwene ake. Iwo anangopukusa mutu n'kupitiriza kupinda malaya a malemu bambo.

Linali sewero lakunja lija, la chinenero chimene m'nyumbamo palibe ankachimva, lokhala ndi timawu tomasulira pansi. Maso a amayi anachita ng'ala kalekale, moti ankangoona zithunzithunzi. Bambo ndiwo ankawawerengera timawuto masana aliwonse, atakhala pamkono wa sofa.

Achimwene, munthu woti akayamba kulankhula sameza malovu, anati gawo loyamba ndiye linali sewero, mwamuna ndi mkazi kumanga banja kuyambira m'kachipinda ka lendi. Koma lachiwirili, ati, ndi zinyalala zokhazokha. Olemba nzeru zinawathera, n'chifukwa chake anapha mwamuna uja pachiyambi pomwe.

"Iwe sudziwa kanthu," amayi anatero. "Lachiwiri ndiye lokoma. Chimwalirire bambo wawo, ana aja akulimbirana kuti ndani abwere kudzakhala ndi mayi wawo."

Mzime anadabwa. Sewerolo ankalionera nayenso kwake, ndipo ana amenewo sankalimbirana mayi ayi. Ankalimbirana nyumba, kuti igulitsidwe. Ndiye kuti bambo, ndi chifuwa chawo chija chimene ankadziwa kuti sichidzawasiya, miyezi yonseyi ankangopeka nkhani yawoyawo.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti m'mawa womwewo, kukhitchini, achimwene anali atanena zomwezo: nyumba igulitsidwe, amayi akakhale m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achimwenewo. Mzime sanavomere, komanso sanakane. Ntchito yake inali kutali, ndipo manyazi anamugwira pozindikira kuti mtima wake unapepukako atamva maganizowo.

Amayi anasisita mkono wa sofa. "Khala apa, undiwerengere."

Anakhala. Pakanemapo mwana wamkulu anamenya tebulo, timawu n'kutuluka pansi: wogula abwera mawa. Mzime anatsokomola kaye, kenako anati mnyamatayo akuti denga likudontha, ndiye abwera ndi mmisiri mawa. Mawu ake anatuluka owonda ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Nyimbo ya m'sewero itadutsa, amayi anatembenukira kwa iye.

"Bambo ako ankanama mokoma kuposa iwe," anatero. "Munthu wokonza denga samenya tebulo, mwanawe. Maso ndiwo anapita, makutu ndikadali nawo. Ndipo khitchini yathuyi ilibe chitseko."

Achimwene anasiya kupinda, malaya ali m'manja. Anayamba kufotokoza kuti zija zinali zongokambirana, palibe chimene chatsimikizika, koma amayi sanatembenukire n'komwe kumene kunkachokera mawuwo. Anangoti malemuwo akafika pamene pali poipa ankayamba awagwira dzanja, kenako n'kupeka. Dzanja likangofika, iwo ankadziwiratu kuti bodza layandikira, ndipo ankawasiya anene, chifukwa munthu wodwala nayenso amafuna chomutonthoza.

Mzime analira, kulira kumene sikunabwere kumanda. Ankawasowa bambo ake, ndipo ankadziona wochepa.

Amayi anatambasula dzanja lawo pabondo, chikhatho chili m'mwamba.

"Gwira, koma usandinamize. Werenga zimene zalembedwazo. Ndikufuna ndidziwe kumene akumupititsa mayiyo."

Mzime analigwira dzanjalo. Anapukuta maso ndi phewa kuti timawu tioneke bwino, ndipo anayamba kuwerenga mokweza, kuti nawonso achimwene amve.