Masentimita Awiri a Kumbang

Kuno kumadzulo kwa Sumatra kavalo asanalowe mumpikisano amayamba waima pasimenti n'kuyezedwa msinkhu. Akapitirira masentimita 150 amapita kukathamanga ndi akavalo akuluakulu, ndipo palibe zodandaula. Woyeza amatumidwa ndi bungwe la chigawo loyang'anira mipikisano. Chaka chimenecho woyezayo ndinali ine, Erizal, ndi ndodo yanga yachitsulo yoyezera ndi mtima wanga wapachala umene kwathu aliyense amaudziwa. Tsoka lake anandituma kubwalo la kwathu komwe.

Kumbang anali kavalo wakuda wa amalume anga, a Syamsuar, alongo awo a mayi anga. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ndi iwo anakayankhula paukwati wanga, ndipo akakhosomola tonse timakhala chete. Wokwera Kumbang anali Dasril, mwamuna wa mlongo wanga Yusni, kamunthu kochepa thupi, kanthabwala, kamene ndinkakakonda kuposa abale anga ena a magazi amodzi.

Miyezi itatu m'mbuyomo ndinali nditamuyeza Kumbang ku Padang, ndipo anali 152. Loweruka m'mawa a Syamsuar anabwera naye, kavaloyo akuyenda monyang'ama ngati waponda makala amoto. Ndinaika ndodo pamwamba pa mapewa ake. Inawerenga 150 ndendende.

"Amalume, kavalo wanuyu akukula chobwerera m'mbuyo?" ndinafunsa.

"Ndodo yako yanena chiyani? Lemba zimenezo," anatero a Syamsuar, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinawerama n'kunyamula mwendo wakutsogolo. Anali atamuchotsa nsapato zachitsulo, ndipo wosula anali atasema ziboda mpaka kufika pamnofu. Pansi pake panali pofiira, pofewa, ndipo nditadina ndi chala kavalo ananjenjemera thupi lonse. Miyendo yonse inayi inali choncho. Kavalo wotere akathamanga pa nthaka youma amagwa, ndipo wogwa naye limodzi akanakhala Dasril.

Ndinapsa mtima. Pamalopo panali anthu oposa makumi asanu, eni akavalo, mafumu a mabanja, ngakhale ogulitsa khofi. M'manja ndinali ndi chimkuzamawu choitanira akavalo, ndipo sindinaganize kawiri.

"Kumbang wa a Syamsuar sathamanga," ndinalengeza. "Amusema ziboda kuti abe msinkhu. Kumeneku ndi kuba."

Dasril anandigwira malaya.

"Alamu, mwatani kodi? Zimitsani chinthucho."

A Syamsuar anaponya ndudu pansi n'kuiponda pang'onopang'ono.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, sindinamve bwino. Wati ndine ndani?"

Apa munthu wanzeru akanameza mawu. Ine ndinabwereza, chimkuzamawu chili chiyatsire.

Osamalira akavalo awo anali atatu, amuna amanja ngati makasu. Mmodzi anandilanda ndodo ija n'kundimenya nayo padzanja lamanja. Ndinamva fupa likuthyoka ndisanamve ululu. Wachiwiri anandikwapula ndi zingwe za pakamwa pa kavalo, chitsulo chake n'kunding'amba khutu. Nditagwa anayamba kundiponda m'nthiti ndi nsapato zawo zam'khola, ndipo m'kamwa mwanga munadzaza magazi ndi ndowe. Anthu onse aja anangoima n'kumaonerera.

"Kumaso musamenye," ndinamva a Syamsuar akunena modekha. "Mayi ake angalephere kumuzindikira."

Dasril yekha ndiye anadziponya pamwamba panga kuti aleke. Mnzanga wa ntchito, dokotala wa ziweto dzina lake Marlis, anayang'ana dzanja langa lopindikalo, anayang'ana amuna atatu aja, n'kusaina kuti Kumbang ali bwinobwino.

Lamlungu, tsiku la mpikisano, ndinatuluka m'chipatala dzanja lili mupulasitala. Ndinaimba foni ku ofesi ya bungwe ku Padang, osayankhidwa. Ndinapita kwa olondera pabwalo, iwo n'kuti za pachibale salowerera. Dasril ndinamupeza kuseri kwa makola akumanga chisoti.

"Usakwere," ndinatero. "Ndakugwira mwendo, usakwere."

"Alamu, ine ndine mkamwini, ndikana bwanji? Taonani anthuwo. Tauni yonse yabwera kudzaona ngati kavalo wa apongozi ali wopunduka. Ndikatsika ine lero, ndiye kuti ndavomereza kuti ndi akuba." Anaseka pang'ono. "Ndikapambana mundigulire nyama yootcha. Dzanja limodzi mukadali nalo."

Akavalo asanu ndi awiri anatuluka fumbi lili koboo. Kumbang anatsogola, pakuti anali kavalo wamtima, ndipo ndinadana nawo amalume kwambiri poona mmene nyama ija inkadziperekera. Anazungulira kamodzi ali patsogolo. Pokhota pomaliza, pamene nthaka ndi youma gwa, chiboda chakutsogolo chinang'ambika. Mwendo unathyoka ngati nthambi youma, ndipo phokoso lake tinalimva ngakhale ife a kumpanda. Kumbang anagwa chamutu. Dasril anauluka n'kukagwera pakati penipeni pa njira, akavalo asanu ndi mmodzi ali pambuyo pake. Awiri anamudumpha. Enawo anamuponda pachifuwa ndi pakhosi.

Anthu anathyola mpanda. Ena anathamangira kwa Dasril, koma ambiri anathamangira wosula uja, amene dzulo lake lomwe ankamwa naye khofi. Anamugwira akukwera njinga yamoto, n'kumukhoma ndi nyundo yake yomwe pazala, chimodzichimodzi, iye akukuwa kuti anangotumidwa. Palibe anakhudza a Syamsuar. Kumbang ankayesa kudzuka ndi miyendo itatu, fupa lili pamtunda, mpaka mkulu wina anamuyang'anitsa kumene timayang'ana popemphera n'kumudula pakhosi. Magazi anayenda mpaka pamzere womalizira.

Dasril ndinamunyamula ndi dzanja limodzi, ena akundithandiza. Chifuwa chake chinali chofewa ngati thumba la mpunga losadzaza. Anamwalira m'galimoto tisanafike pachipata cha chipatala, mutu wake uli pamiyendo panga.

Tinamuika m'manda Lolemba m'mawa. A Syamsuar anakhala kutsogolo monga mwini mbumba, akulandira anthu opepesa, nkhope ili gwa. Ine ndinali nditalemba kale lipoti la masamba anayi, ndipo mkwiyo ndi umene unkandiimiritsa. Anthu atachepa ndinalowa kuchipinda kumene Yusni anakhala pamphasa, atatsamira khoma.

"Mlongo wanga, amalumewa sindiwasiya," ndinatero. "Bungwe liwaletsa moyo wawo wonse. Sadzapondanso pabwalo lililonse m'chigawo muno."

Yusni anandiyang'ana. Maso ake anali ouma.

"Achimwene, mukudziwa zimene amalume ndi Dasril anagwirizana Lachisanu pakhonde pano? Ine ndinkawapatsira khofi, ndinamva ndi makutu angawa. Dasril anawauza kuti akuopa. Amalume anati, 'Tiyese mwayi. Erizal si wopusa. Akaona, andiitanira pambali, ine ndinena kuti kavalo ali ndi chifuwa, timuchotse mumpikisano.' Kalata yomuchotsera anali atalemba kale. Inali m'thumba la malaya awo pamene inu munkakuwa."

Ndinafuna kunena kuti lamulo linali kumbali yanga, kuti wosema ziboda sindine. Zonsezo zinali zoona, koma Yusni anali asanamalize.

"Munthu wamkulu ngati uja mumutchule wakuba pamaso pa anthu, ndiye abwerere m'mbuyo?" anatero Yusni. "Mwakulira kuti inu? Ankangodikira kuti munene kuti, 'Amalume, tabwerani kuno pang'ono.' Mawu anayi okha, achimwene, bwenzi ana anga ali ndi bambo."