Mzere wa Achoke

1.
Achoke.

2.
Ife a ku Mpandamadzi ndife tinawasankha a Mkwapatira kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera lathu, ndife tinawanyamula m'mwamba tsiku limenelo mpaka nsapato yawo inavuka, chifukwa ndiwo anakakamira akuluakulu a kukhonsolo mpaka anatikumbira mjigo, ndiwo ankadziwa dzina la mwana aliyense ngakhale wa anthu a lendi, ndiwo ankafika pamaliro moto usanakolezedwe, ndipo ndife omwewo tinakumbutsa mlembi kuti malamulo a komiti amatilola kuchotsa munthu nthawi yake isanakwane, ndiye tinagwirizana kuti Loweruka tikakumane pabwalo la sukulu, tikaime m'mizere iwiri, wina wa akhale, wina wa achoke.

3.
Zifukwa, monga anazitchulira Mayi Nachisale ogulitsa makala, ataimirira pamsonkhano:

ngalande sinakonzedwe, mvula itabwera madzi analowa m'nyumba zathu
simenti ya ngalandeyo inaumira m'sitolo, ati makiyi anasowa
makiyi amasowa okha?
anaitanitsa msonkhano iwo eni, iwo eni osabwera
pamaliro a amuna anga anafika, nandifunsa kuti abambo ali bwanji kunyumba

Kundiseka kumeneko, anatero Nachisale. Udindo wawakwera m'mutu.

Achoke, tinayankha.

4.
Ine ndine Fanesi, mwana wawo womaliza, amene ndinatsala nawo pakhomo amayi atamwalira. Makiyi ndinawapeza m'chitini cha mchere, simenti itauma kale. Tsiku lina ndinawapeza ababa ataima pamphambano pafupi ndi chigayo, jekete lili m'manja, akuyang'ana njira zonse ngati mlendo wotsika basi. Njira ya kwawo. Nyumba anaumba okha njerwa zake.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala, amapitirira, mankhwala obweza palibe.

Pobwerera anandigwira dzanja mwamphamvu. Usauze munthu, iwe. Ukudziwa zimene anawachita agogo aja a kuseri kwa msika atayamba kuyenda osadziwa kopita.

Ndinkadziwa. Anawatcha mfiti. Anawagenda.

Bola anditche wakuba, anatero.

5.
Ababa, tulani pansi udindowu.
Ndalakwa chiyani?
Simunalakwe. Mwatopa.
Ngalande ndisiyire ndani?

Mawa lake:
Ababa, tulani pansi udindowu.
Wakuuza ndani kuti ndatopa?

Tsiku lina anavomera. Anakhala pansi, natenga cholembera, nalemba Okondedwa anthu anga. Kenaka anakweza mutu.
Kodi ndimati ndiwauze chiyani?

6.
Loweruka m'mawa ukusita jekete lawo ndi simbi ya makala ndipo ukudziwa kuti akapambana lero mawa adzabwera ena kudzafunsa za ngalande, mkuja adzafunsa za mjigo, tsiku lina adzawapeza pamphambano paja akuitana dzina la amayi ako ndipo padzapezeka wina wotola mwala woyamba, ukudziwanso kuti akagonja adzagonja ngati mbava pamaso pa ana amene anawagwira m'manja ali makanda, ndipo simbi ikukuwotcha chala koma sukuchotsa.

Akhale.
Achoke.
Akhale.

7.
A Mkwapatira tinawaika pampando pansi pa mtengo wa keshya, pakati pa mizere iwiri. Anavala bwino. Anatigwedezera dzanja, ife osabweza.

Ku akhale kunaima anthu ochepa: a Kaunjika otunga nsapato, amayi angapo a mvano, ndi abale a wapampandoyo ochokera kumudzi amene sanali oyenera n'komwe kuvota. Ku achoke mzere unafika mpaka ku zimbudzi za sukulu.

Kenaka tinamuona Fanesi. Anayenda pang'onopang'ono, nadutsa amalume ake, nadutsa amayi a mvano, nakaima kumapeto kwenikweni kwa mzere wathu.

Mwana wake yemwe!
Ndiye kuti akudziwa komwe inapita simenti.
Mimba siibala mtima, anatero wina.

Amalume ake analavula pansi.

8.
A Mkwapatira ananyamuka pampando. Palibe anawaletsa. Anayenda m'mbali mwa mzere wautaliwo, akuyang'ana nkhope imodzi imodzi, mpaka anafika pamene panaima mwana wawo. Anavula chipewa.

Pepani mayi, mzere uwu ndi wa chiyani?
Ndi wochotsa wapampando, bambo.
Walakwa chiyani?
Fanesi anayang'ana pansi. Watopa.
Watopa, anabwereza a Mkwapatira. Ndiye mukumusungiranji? Munthu akatopa azipuma.

Anavalanso chipewa, naima kumbuyo kwake, manja ali kumbuyo, ngati munthu wodikira pachigayo.

9.


Tinali titakonza nthungululu. Anyamata anabwera ndi mawenzulo. Palibe analiza.

Mlembi anafika kumapeto kwa mzere, nakhudza phewa la Fanesi, kenaka dzanja lake linaima m'malere.
Awanso ndiwawerenge?
Mlangizi wa kukhonsolo anayang'ana kumbali. Ndi nzika ya dera lino, anatero. Werengani.

Nachisale anachoka pamalo pake, nabwera pafupi.
A Mkwapatira, mwandidziwa ine?
Iwo anamwetulira mwaulemu. Nkhope si yachilendo, mayi. Abambo ali bwanji kunyumba?

Nachisale anaphimba nkhope ndi chitenje. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

Tinapambana.

10.
Tinabwerera awiri, ine ndi ababa. Amalume anatsogola osatiyankhula. Jekete ndinanyamula ine. Dzuwa linali paliwombo, ana akusewera mpira wa mapepala m'ngalande youma, ndipo ndinkangoyembekeza kuti andifunsenso kuti ndine mayi wa kuti.

Titadutsa mjigo anaima.

Fanesi.

Panali patapita masabata asanatchule dzina langa.

Ababa?
Ndinakudziwa, iwe. Uli kutali ndinakudziwa.
Nanga bwanji munati mayi?
Poyamba ndinakudziwa. Nditafika pafupi unandithawa m'maganizo. Anapukuta thukuta ndi chipewa. Koma ndisananyamuke pampando ndinaona mwana wanga ataima yekha pakati pa anthu okwiya, amalume ako akulavula. Ndinati asaime yekha. Zokhazo ndinazigwiritsitsa njira yonse. Zinazo zinatayika.

Anandisisita pamutu ngati ndili wa sitandade wani.

Tinayendanso pang'ono. Pakhomo pathu anaima, nayang'ana chitseko, nayang'ana ine.

Kodi eni ake alipo?
Alipo, ababa. Lowani.