Fupa la Ndani?

Mano anayi akutsogolo a mayi Odeta anatsala pabwalo ku Nsadzo mu 1987, tsiku limene msilikali anawamenya pakamwa ndi mfuti. A Odeta anathawira ku Zambia, nabwerako mu 1994 nkhondo itatha. Zaka zonsezo ankaseka ataphimba pakamwa.

Mu 2016 mwana wawo Nélio, woyendetsa kamyao pamsewu wa Cassacatiza, anawatengera kwa dotolo wa mano ku Tete. Dotoloyo, dona Dulce, sanabise kanthu. Fupa la nsagwada likakhalitsa lopanda mano limapyapyala ngati mpeni, ndipo tizitsulo togwira mano atsopano sitingalowemo. Pankafunika kuling'amba pakati, kulikanula, n'kudzaza mpatawo.

Jakisoni atagwira, kanyundo kanayamba kugogoda. Ululu panalibe, koma kugogodako kunkamveka m'mutu monse. A Odeta anagwiritsa mpando, napirira. Kenako anaona dotolo akutsegula kabotolo ka ufa woyera. Anakweza dzanja.

"Chimenecho n'chiyani?" Lilime linali lolemera.

"Ufa wa fupa, mayi. La ng'ombe, lotsukidwa bwino, lochokera kunja."

"Ng'ombeyo munaiona?"

Dotolo anamwetulira. "Ayi."

A Odeta anaganiza za kwawo. Kumudzi anasiya mdzukulu ali gone, matenda osamva mankhwala, ndipo pachitsime anthu anali atayamba kale kufunsana kuti nkhalamba yamasiye ikufuna mano oti idyere chiyani. Nélio sasunga nkhani. Mdzukuluyo akamwalira, palibe amene adzakumbuke za ng'ombe. Adzati Odeta ali ndi fupa la munthu wakufa m'kamwa. Chaka chapitacho, ku Mualadzi, mayi wina anamutenthera nyumba pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

"Amayi, musatichititse manyazi," anatero Nélio ali pakhomo.

"Iwe, nyumba adzatentheyo ndi yako?"

Dona Dulce anatseka kabotolo. "Fupa ndalikanula kale, sindingalisiye chomwecho. Njira ina ndi kupala fupa lanu lomwe, kuseri kwa nsagwada. Likhala bala lachiwiri. Mudzatupa kwambiri, ndipo mlomo ungachite dzanzi kwa nthawi yaitali."

"Palani langa," anatero a Odeta. "Nélio, sendera. Uime apa."

"Amayi, ine magazi mukundidziwa."

"Uyang'ane ndi maso ako. Ukanene kumudzi kuti unaona, ndi langa. Mawu anga okha sadzawamva."

Nélio anasendera. Dotolo anabaya jakisoni wina, nacheka usinini wakumbuyo. A Odeta sanayang'ane nyali kapena dotolo, maso anali pa mwana wawo basi.

Chitsulo chinayamba kupala fupa. Nélio anagwira khoma, natsinzina.

A Odeta anafuna kumukuwira, koma m'kamwa munali modzaza thonje ndi zitsulo. Anamenya mpando ndi chikhatho.

"Musagwedezeke, mayi," anatero dotolo, osadzutsa mutu. "Tatsala pang'ono."

Nélio sanatsegule maso.