Tizipewa ta Makanda a Kunja

Chaka chimene mvula inadula chimanga chikungomasula kumene, anthu a ku Kalembo ankadya mango aawisi owiritsa, ena chitedze chophika tsiku lathunthu. Ndiye chaka chomwecho kunatulukira a Bizwick ndi thumba la ulusi.

Anali bambo woonda, wa malaya oyera osita bwino, ndipo Lachiwiri lililonse ankakhala pabenchi pakhonde la sitolo ina yotseka pa Ulongwe. Ankati kampani yawo ya ku Blantyre ikufuna amayi oluka tizipewa ta makanda totumiza kumayiko ozizira. Ntchito yake yogwirira pakhomo, mwana ali kumbuyo. Munthu ankangolipira ya kalembera, n'kugula ulusi ndi singano kwa iwo omwewo, ndipo ankamupatsa kachipewa kamodzi kachitsanzo. Tizipewa khumi tikangolandiridwa, ankatero, thumba la chimanga lalowa m'nyumba. Koma malo anatsala ochepa.

Sabina, mayi wa ana atatu, anagulitsa abakha ake awiri tsiku lomwelo n'kulembetsa. Pobwerera sanafikire kwake. Anathamangira kwa Asiya, mnzake wa kuubwana amene anayandikana naye nyumba, akugwedeza kachipewa kachikasu m'mwamba ngati mbendera. Anavina pabwalo, mimba zili pululu. Sabina anati malipiro oyamba akakwera minibasi mpaka ku Liwonde, akakhale pampando m'lesitilanti, aitanitse mpunga wa nkhuku ndipo fupa akalisiye dala m'mbale. Asiya anati iye agula nsalu zitatu za Idi n'kuzivala zonse tsiku limodzi. Ankati akaganiza za kamwana ka mzungu kali mbuu pachisanu, kumutu katavala chipewa cha ku Kalembo, ankagwirana mapewa kuti asagwe ndi phwete.

Asiya analibe choti n'kugulitsa kupatula mbuzi imodzi, ndipo sakanaigulitsa osauza amuna ake a Sufiyani, omwe anali kunyanja ya Chiuta kosodza, kumalo kovuta netiweki. Masabata awiri anangokhala mtima uli dyokodyoko, akumuthandiza mnzake kukulunga ulusi.

Pa zoluka, Sabina analibe mnzake m'dera lonselo; nsalu zokongoletsa guwa kutchalitchi kwawo zinali za manja ake. Komabe Lachiwiri loyamba a Bizwick anatembenuza tizipewa take, n'kupukusa mutu kuti tathina. Anati ulusi womasula kampani siilola, agule wina. Lachiwiri linalo anati takula. Amayi enanso onse anabwezedwa chimodzimodzi, koma a Bizwick ankawalimbitsa mtima kuti atsala pang'ono, amayi ena a ku Nselema akulandira kale, ndipo wobweretsa mnzake amuchotserako mtengo wa ulusi.

Kenako a Sufiyani anaimba foni n'kuvomera kuti mbuziyo igulitsidwe. Asiya anamanga mbuzi chingwe m'khosi, anafika nayo pamtengo wa bwemba wa kumsewu, n'kuima. Anakumbukira kuti iye akapita kuganyu, mwini munda samulipiritsa polowa m'munda. Amene walemba munthu ntchito ndiye amatulutsa ndalama. Anabwerera nayo mbuzi ija mpaka kwa Sabina, namufunsa dzina la mayi mmodzi yekha wa ku Nselema amene analandirapo. Sabina sankalidziwa. Nanga ofesi ya kampaniyo alipo anaionapo? Panalibe. Nanga ngati ulusi ukugulidwa sabata ndi sabata koma chipewa sichinagulidwepo n'chimodzi chomwe, wogula ndani, wogulitsa ndani?

Sabina anakwiya pang'ono, nati mwina manja ake ndiwo akalamba. Apo m'pamene Asiya anaona kachitsanzo kaja kali pamsomali, ndipo anayamba kuseka asananene n'komwe zimene waganiza.

Lachiwiri lotsatira panali amayi oposa makumi awiri pakhonde paja, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Asiya anali atawanong'oneza onse pamzere, moti ena ankaluma nsonga za zitenje kuti asaphulike. Itafika nthawi yake, Sabina anagwada mwaulemu n'kupereka kachipewa kamodzi kokha, nati ulendo uno wafatsa nako kwambiri.

A Bizwick anavala magalasi. Anakatambasula, kukayeza ndi tepi, kukasuzumira m'kati, kenako anausa moyo ngati dokotala wa uthenga woipa. Anati mkombero wapindika, pamwamba pasongoka ngati chulu, ndipo mfundo ya m'kati ikhoza kukanda khanda la eni ake mpaka kampani kutsekedwa.

"Pepani achimwene," anatero Asiya ali kumbuyo, nkhope ili phee, "ine ndikufuna kulembetsa lero. Nanga cholondolacho chimaoneka bwanji?"

"Si ndinapereka chitsanzo kwa aliyense, amayi? Muzingotsatira chimenecho basi."

"Iyayi, n'chomwecho mwagwiracho," anatero Sabina. "Ndangochichotsa pamsomali."

Panadutsa kamphindi a Bizwick akuyang'ana kachipewako. Kenako khonde lonse linaphulika. Mayi wina anakhala pansi m'fumbi, miyendo tambalale, misozi ili chuchuchu. Wina analuluta. Ogulitsa tomato anasiya malonda awo kudzafunsa, ndipo atamva nawonso anagwira nthiti. Kondakitala wa minibasi ya ku Mangochi anaiwala kuitanira.

A Bizwick anayesa kunena kuti muyezo unasintha sabata yatha, koma mawu awo anamira m'phokosomo. Ndiye anaika foni kukhutu, foni yosalira, n'kumayankha bwana wawo mokweza uku akusuntha pang'onopang'ono kulowera kuseri kwa sitolo. Pomwe amayi ankapukuta misozi kuti afunse za ndalama zawo, malaya oyera aja anali pakabaza, akuzimirira mumsewu wa ku Liwonde. Nambala yawo sinapezekenso kuyambira tsiku limenelo.

Ndalama sizinabwerere, abakha a Sabina ngakhalenso nkhuku za anzake. Amayiwo anakanena kupolisi, nagawana ulusi umene unatsala m'thumba limene a Bizwick anasiya pothawa, aliyense mipukutu iwiri. Panjira Sabina analira pang'ono, poti kunyumba kunali mango okhaokha, ndipo Asiya anamulonjeza kuti mawa apitira limodzi kuganyu yosenza njerwa. Koma sanayende mtunda wautali Sabina asanaime pakati pa njira, kuvala magalasi a m'maganizo n'kuyamba kuyeza mutu wa Asiya ndi kamtengo, akudandaula kuti wasongoka ndipo kunja sangaulandire.

Atatsala pang'ono kufika kumudzi anakumana ndi mayi wachilendo akubwera chothamanga, thukuta lili kamukamu, tambala ali m'khwapa. Anawapatsa moni mwachangu, nafunsa ngati bambo a tizipewa aja akadalipo, poti wamva kuti malo atsala awiri okha.

Asiya ndi Sabina anayang'anana. Anamugwira mikono uku ndi uku, kumukhazika pamthunzi, Asiya n'kumulandira tambala uja kuti apume. Sabina anayamba kufotokoza katatu konse, ndipo katatu konseko anakanika kupitirira pomwe a Bizwick anavala magalasi.