Mkamwini pa Tebulo la Azungu

Abbasi anali ndi kasitolo pa boma la Fort Manning, kumunsi kwa msika, momwe ankagulitsa nsalu, mchere, sopo ndi palafini. Anthu a ku Kapondo ankamudziwa bwino, chifukwa nyengo yokolola ankapalasa njinga mpaka kumidzi kwawo kukagula mtedza, ndipo sikelo yake inalibe mbiri yoipa. Mbiri imeneyi inafika m'makutu mwa Bwana Harlow, mzungu wa kampani ina yogula mtedza ya ku Limbe, amene ankafuna munthu woyang'anira misika ya kampaniyo chigawo chonse cha kumalire. Tsiku lina mwezi wa Okutobala, mzunguyo anaimitsa galimoto pakhomo pa sitolo, osatsika, n'kunena m'Chinyanja chake chotsimphina kuti nkhaniyo akaikambirane mawa masana, akudya ku hotela.

"Hotela yake iti, bwana?"

"Ilipo imodzi yokha," anatero mzunguyo akuseka, galimoto n'kuliza fumbi.

Inalidi imodzi yokha. Inali pamsewu wopita ku Fort Jameson, ya makoma oyera ndi khonde lalitali, mwini wake Mgiriki. Munthu wakuda ankalowera kuseri, atanyamula nkhuni kapena mazira. Koma zinali zaka za Chitaganya, pamene azungu ena anayamba kulankhula zoti mitundu iziyendera limodzi, ndipo Bwana Harlow anali mmodzi wa okonda kuonetsa zimenezo anzake akuona.

Chimene chinamusowetsa mtendere Abbasi sichinali azungu ayi. Mkulu wa operekera zakudya ku hotelako anali Che Bwanali, bambo ake a mkazi wake Asiatu.

M'mawa mwake palibe chimene chinamuyendera. Mayi wina anapempha shuga, iye anamuyezera mchere. Nsalu anadula mokhota. Ankatuluka pakhonde, kuyang'ana dzuwa, kulowanso, kukhala pa thumba, kudzukanso. Potsiriza anatseka sitolo napita kuseri, kumene Asiatu ankasita jekete lake ndi simbi ya makala.

"Ndikadya bwanji bambo ako ali chilili kumbuyo kwanga?" anafunsa. "Chikwatirire iwe sindinatafunepo ngakhale nthochi pamaso pawo."

"Ndiye musapite," anatero Asiatu, osadzutsa mutu.

"Ntchito ija ipite kwa wina?"

"Ndiye pitani."

"Nanga nyama yake? Wazinga ndani? Mapoto omwewo amaphikira nkhumba."

Asiatu anaika simbi pamwala n'kumuyang'ana. "Inu, mukundizunguza mutu. Jekete ili, valani."

Anavala. Linali lothina m'khwapa, ndipo nsapato zimene anagula pa ukwati wa mng'ono wake zinamuluma chala chachikulu njira yonse. Pofika pa hotela thukuta linali litanyowetsa msana. Mapazi ake, mwa chizolowezi, anakhotera kanjira ka kuseri, koma Bwana Harlow anamuona ali pakhonde namukodola. Abbasi anakwera masitepe akutsogolo ngati munthu woponda pa mlatho wa mtengo umodzi.

M'chipinda chodyeramo munali mozizira ndi mwamdima pang'ono. Pansi panali pofiira, popukutidwa mpaka kunyezimira. Tebulo lililonse linali ndi nsalu yoyera mbee, maluwa m'kabotolo, ndi mipeni, mafoloko ndi masupuni ondandalikidwa uku ndi uku, ochuluka ngati pakubwera anthu khumi. Pafupi ndi zenera panakhala mzungu wina wofiira khosi, mlimi wa fodya, ndi dona wake. Atamuona Abbasi, nkhani yawo inaduka pakati.

Atangokhala pansi, chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Analowa Che Bwanali atavala mkanjo woyera, lamba wofiira wopingasa pachifuwa ndi chisoti chofiira, kumapazi kulibe nsapato. Ndevu zawo za imvi zinali zometedwa bwino. Abbasi anadzambatuka, mpando n'kulira kwee pansi paja, azungu onse n'kucheuka.

"Khala pansi, bwanawe," anatero Harlow. "Ameneyu ndi woperekera zakudya chabe."

Che Bwanali sanayang'ane munthu kumaso. Anakankhira mpando m'mawondo mwa Abbasi mpaka iye anakhala, kenaka anafunyulula kansalu koyera n'kumuyalira pamiyendo. Manja amene analandira mkamwini tsiku la ukwati, lero anali kumuyalira nsalu ngati khanda.

Choyamba kunabwera supu wa phwetekere, pakati pake atadonthezapo mafuta a mkaka, pambali kabuledi kofunda ndi batala woumbidwa ngati chigoba cha nkhono. Fungo lake linadzutsa njala. Abbasi anasuzumira supuni imene mzungu anatenga, nayenso anatenga yomweyo. Anavundula supuyo, kumuvundulanso. Apongozi ake anali ataima kukhoma, kansalu kali pamkono, cha kumanzere kwake kwenikweni.

Harlow ankadya akulankhula. Ankanena za lole imene kampani idzatumiza, za masikelo atsopano, za misika ya ku Kapondo ndi kufupi ndi mishoni ya Guilleme, za anthu amene amazembetsa mtedza kuwolokera nawo ku Rhodesia. Abbasi ankavomera ndi mutu, koma mawu ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Che Bwanali atatuluka kukatenga madzi, iye anabudula buledi mwamsanga n'kuponya m'kamwa. Chitseko chinatsegukanso asanatafune. Anameza chonchobe, buledi n'kuima pakhosi, ndipo anatsokomola mpaka misozi.

"Boyi!" anaitana Harlow, akuliza zala. "Madzi, msanga!"

Boyi. Munthu amene Lachisanu amakhala mzere woyamba mu mzikiti, amene achinyamata amamupatukira panjira. Bondo la Abbasi linagunda tebulo, tambula n'kugwa, madzi n'kuyenderera pansalu yoyera ija. Anafuna kudzuka kuti apukute yekha, koma dzanja la mkuluyo linamugwira paphewa, mopepuka koma mosalola, ndipo posakhalitsa ponyowapo panali patayalidwa kansalu kena ngati sipanachitike kanthu.

Dona wa pazenera uja anaitanitsa mwini hotela. Mgiriki anabwera akupukuta manja, anamvera dandaulo lake atawerama, kenaka anadza kwa Harlow n'kuyamba kunong'ona m'Chingerezi. Abbasi Chingerezi ankachimva cha pamsika, koma anatola mawu okwanira: pakhonde pali mphepo yabwino, tebulo likhoza kusamutsidwa. Harlow anafiira nkhope, anayankha mawu ochepa olimba, osasuntha. Mlimi wa fodya anaponya kansalu kake patebulo, anagwira mkazi wake pamkono, ndipo anatuluka nsapato zikulira. Abbasi analakalaka akanatuluka ndi iye amene.

Apo n'kuti nyama ikulowa. Unali mwendo wa nkhosa wootcha, wofiirira bwino, wozunguliridwa ndi mbatatesi zokazinga ndi nsawawa. Che Bwanali anaudula okha pa katebulo kapambali, mpeni ukuyenda mosalala, nyama ikugwa yopyapyala, utsi ukufuka. Poika mbale patsogolo pa Abbasi anawerama pang'ono kuposa poyamba, n'kunena motsitsa mawu, milomo osaoneka kugwedera:

"Idyani, akamwini."

Abbasi anadula kanthuli. Anakabaya ndi foloko, anakakweza mpaka pachibwano. Pakona ya diso anaona mkanjo woyera uja kukhoma. Kukamwa kunakana kutseguka. Anakabweza m'mbale, anasuntha mbatatesi kuchoka mbali iyi kupita mbali inayo, anabisa nyama pansi pa nsawawa ngati mwana wokana mankhwala.

"Chakudya chathu sichikoma?" anafunsa Harlow.

"M'mimba, bwana. Kuyambira dzulo."

Mbaleyo inachotsedwa ili yodzaza. Papaya wothira kasitadi anabwera n'kubwerera momwemo. Pa khofi, Harlow anatambasula dzanja pamwamba pa tebulo nati ntchito ndi yake, ayambe mvula ikatha. Abbasi anagwira dzanjalo, anathokoza, koma mumtima munalibe chimene chinasuntha. Mzunguyo anakwera galimoto yake kulowera ku Fort Jameson.

Abbasi anayenda mpaka pamsewu, anaima, anabwerera, anaimanso. Kenaka analowa kanjira ka kuseri kaja. Anawapeza Che Bwanali atakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa khitchini, chisoti chili pabondo. Iye ananjuta chapatali, anaomba m'manja mwaulemu.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ine kukhala pampando, inu muli chilili. Ndiponso mzungu uja kukuitanani mwa mtundu umene uja ine ndili pomwepo."

Mkuluyo anazunguza chisoti ndi zala.

"Zoti boyi ndinasiya kale kuzimva," anatero. "Zimangodutsa ngati kulira kwa ntchentche. Mwapepesa polakwika, akamwini."

Abbasi anadzutsa maso pang'ono.

"Mzungu wanu anabwera dzulo kudzasungitsa tebulo, anatchula dzina lanu. Ine ndinapita kwa Mgiriki kukapempha kuti nkhosa ya lero ndizinge ndekha. Ndaizinga m'mawa uno ndi mpeni wanga, kuseri kwa khola uko. Mapoto ndakwecha ndi phulusa ndi mchenga kuti pasatsale fungo la chinthu china. Wophika ndamuimirira pamutu mpaka watukwana. Ndinayamba kuperekera zakudya tsitsi ili lili lakuda bii, ndipo mbale za anthu osandidziwa dzina zimabwerera zonyambitidwa. Lero m'chipinda muja mwakhala munthu wanga, mbale n'kubwerera yodzaza. Anzanga kukhitchini andifunsa kuti, kodi mkamwini wanu amakukayikirani?"

"Si choncho, bambo. Ndi mwambo. Ndikanatafuna bwanji inu mukuona?"

"Mwambo sindinauiwale ine. Mukuganiza kuti ndinkayang'ana khoma chifukwa chiyani? Khoma lija ndikulidziwa, mulibe chachilendo. Ndinkakupatsani mpata."

Abbasi anasowa poika manja. Anatola kamtengo, anakathyola, anakataya.

"Ngati mbaleyo ilipo, bambo, ndidye pompano. Ndikhala kuseri kwa mtengowu."

"Yazizira. Ndipo kuno n'kuseri. Kuseri mukhoza kudya tsiku lililonse, ngakhale wobweretsa nkhuni timam'patsa." Anapumira m'mwamba. "Mgiriki wanena kuti zoterezi zisadzachitikenso, wataya alendo ake akale. Linali lero lokha."

M'katimo belu linalira. Che Bwanali anaimirira, anasasa mkanjo, anavala chisoti n'kuchiwongola bwino ndi manja onse awiri.

"Ntchito ija akupatsani?"

"Andipatsa, bambo."

"Alhamdulillah. Mukam'patse moni mwana wanga." Ndipo analowa.

Abbasi anavula nsapato pomwepo n'kuzinyamula m'manja. Sanalunjike kunyumba. Anadutsa msika, anadutsa sitolo yake yotseka, anatsetsereka mpaka kudambo, anazungulira kuseri kwa chipatala, njala ikumupotokola m'mimba, mapazi akupsa ndi mchenga. Pofika kwawo dzuwa linali litapendeka. Asiatu anamuyang'ana kumaso, anayang'ananso nsapato zili m'manja. Anangomuvula jekete n'kupita kukasonkha moto.

Mvula itatha lole inabweradi, ndipo Abbasi anagwira ntchito ya kampaniyo zaka zingapo, mpaka anamanga sitolo ya njerwa. Ku hotela kuja sanaitanidwenso, ndipo iye ndi apongozi ake sanaikambenso nkhaniyo. Ankakumana ku mzikiti, kupatsana moni mwaulemu monga kale, aliyense n'kulowera kwake. Chaka chotsatira miyendo ya Che Bwanali inayamba kutupa chifukwa choimirira, ndipo Mgiriki anaika munthu wina pamalo pawo. Abbasi anawamangira kanyumba kuseri kwa sitolo yatsopanoyo, ndipo mkuluyo anakhala pamenepo akuweta nkhunda mpaka tsiku limene anamwalira.