Sajeni Aphunzira Kubwerera M'mbuyo

Ndinafika ku Malama nthawi ya mango, njinga ndikukankha chifukwa tcheni chinali chitaduka. Anandipatsa pogona ndi a Abson, sikauti wolondera nyama, ndi akazi awo a Alice, ochokera kumtunda ku Katete. Ndisanakhale n'komwe pampando, china chake chinandigunda kumsana, chipewa uko, ine uko.

"Musaope madala, ndi Sajeni ameneyo," anatero a Alice. "Akusecha m'matumba."

Sajeni anali kavalo wamfupi, wolekeza m'chifuwa mwangamu, mimba ngati mtsuko. Mzungu wina posamuka anawasiyira chifukwa cha mwana wawo Brenda, amene mwendo wake wakumanzere ndi wopuwala, pamene sukulu ili kutali kwa munthu woyendera ndodo. Jekeseni ya kashembe ankabayidwa, udzu ankadya, koma kusukulu anali asanapondeko. Ntchito yake inali kukankha anthu ndi chifuwa, kuwaponda mapazi, ndi kulanda mango m'manja. Dzulo lake anali atagwetsa Brenda pafupi ndi nkhokwe.

"Lole yobweretsa feteleza ikamabwerera ku Chipata, ameneyu akwera," anatero a Abson. "Sindingasunge chinthu chofuna kundithyolera mwana mwendo wotsalawo."

Brenda anangoweramira ndodo yake, chifukwa Sajeni akapita ndiye kuti sukulu yapitanso.

M'mawa a Alice anandikodola. "Madala, bwerani muone mafilimu aulere."

Pabwalo panali thadzi ndi anapiye ake. Sajeni atayandikira, thadzi linafufuma nthenga, linatambasula mapiko, osasuntha. Mkulu uja anapumira m'mphuno n'kubwerera yekha. Posakhalitsa a Abson anatuluka ndi kapu ya tiyi. Sajeni anawalunjika, ndipo iwo anayamba kubwerera chafutambuyo, mwaulemu, mpaka msana unagunda khoma.

"Mwaona? Matenda ali pa atate ake Brenda," anatero a Alice. "Chitsikireni ine kuno kuchigwa nyimbo ndi imodzi: nyama ikabwera usathamange, bwerera pang'onopang'ono, ipatse njira. Tonse pano tikumupatsa njira ngati njovu. Kwathu ng'ombe ikakusuntha kamodzi, mawa goli lili pakhosi pako."

"Malamulo amenewo ndi amene akukusungani ndi moyo, amake Brenda."

"Kwa njovu, inde. Uyu ndi njovu? Minyanga ili kuti?"

Tsiku lomwelo a Alice anamumanga Sajeni chingwe chachitali kumutu, natenga lichero. Anaima pakati pa bwalo. Kavalo atabwera ndi chifuwa chake chija, iwo anakweza lichero, nagwedeza chingwe, mapazi ali nji. Sajeni anapukusa mutu, anapalasa fumbi, anayesa kudzera m'mbali. Lichero linamutsata. Kenaka phazi limodzi linabwerera m'mbuyo, ndipo pomwepo a Alice anatsitsa lichero, chingwe n'kuchilekerera.

"Bwanji mwasiya? Mpitirizeni mpaka kumunda!" ndinakuwa ine.

"Ayi madala. Wamvera, ndiye apume. Mukapitiriza adzadziwa bwanji chimene walondola?"

Sanamumenye ngakhale kamodzi. Analamulanso kuti mango aziikidwa m'beseni, Sajeni azidikira mpaka woikayo atachoka. Kumudyetsa pamanja kunatha. Patapita masiku lichero analipachika, chala chokha chikaloza pachifuwa, Sajeni ankabwerera. Akamayenda naye pachingwe, iwo akaima, nayenso ankaima, phewa lake osapitirira lawo.

Wophunzira wovuta anali a Abson. Munthu woti amaima pamaso pa njati ndi mtima m'malo, koma Sajeni akangoponya phazi, miyendo yawo inkabwerera yokha.

"Atate, mwasunthanso!" Brenda ankakuwa ali pamtondo.

"Sindinasunthe, ndimakonza jombo."

A Alice anajambula bwalo ndi phulusa kuzungulira mapazi awo. "Mukatuluka umu, ndiwo za lero muphika ndinu." Masana amenewo tinadya therere lopsereza, ndipo tinaliyamikira kwambiri kuti wophika asakhumudwe.

Lole inafika Lachisanu. Itatsitsa matumba, dalaivala anaimba hutala kuti ngati pali katundu wa ku Chipata abwere naye.

"Kuti amamvera inu, ndaona," anatero a Abson kwa akazi awo. "Koma kusukulu simupita ndinu."

Brenda anatsika pamtondo. Anayenda ndi ndodo yake mpaka pakati pa bwalo, bango lakupsa lili m'dzanja, poyera. Sajeni analiona bango lija, makutu anaima, nabwera mothamanga pang'ono monga kale. Amake anafuna kudumpha, koma anadzigwira pachitenje.

Mwanayo anatsamira ndodo, anatukula chibwano, nakweza dzanja la bango lomwelo.

"Sajeni! Bwerera!"

Kavalo anaima, mphuno ili pafupi kukhudza diresi. Anayang'ana bango, anayang'ana mwana. Kenaka anabweza phazi, nabwezanso lina, mpaka pakati pawo panatsala malo oti mbuzi n'kudutsa. Brenda anaika bango m'beseni, anatembenuka mosafulumira, n'kumusiya akudya.

Nthungululu ya a Alice inadzidzimutsa nkhanga kuthengo. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Abwana, katundu uja ali kuti?"

"Katundu wake uti?" anatero a Abson. "Pitani bwino, mupereke moni ku Chipata."

Lolemba, hafu sikisi, ndinanyamuka nawo limodzi, njinga yanga itachira. A Alice anagwira chingwe kutsogolo, Brenda ali pamsana pa Sajeni atakhalira thumba lopinda, ndodo yake itapingasa pamiyendo. Ana a m'njira ankatuluka m'minda kutithamangira, ndipo iye ankawalonjera ali pamwamba, "Mwauka bwanji pansipo?" Pamphambano ine ndinakhotera ku Mfuwe, iwo analunjika kumene belu linali kulira.