Inki pa Chala cha Amake John

Atate anga, a Abednego Shawa, anali ndi dzanja loipa pa ndale. Chipani chilichonse chimene anachikonda chinkagwa ngati nkhuku ya chitopa. Ku Chelstone kuno ankadziwika nazo, moti azibambo anzawo a ku tchalitchi cha Reformed ankawafunsa dala kumene ali chaka chimenecho, kuti iwo akavotere kwina. Atate sankapsa mtima. Ankangoseka n'kuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chimene ndikunenachi anali tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani cha Makwerero. Chipumireni pa ntchito ya ukalaliki m'boma, ndale ndiwo unali munda wawo. Ankalawirira atavala malaya ojambulidwa makwerero pamsana, n'kubwerako madzulo fumbi lili mbuu, koma nkhope ikuwala. Chilichonse kwa iwo chinali chizindikiro. Makondakitala a maminibasi akuti ayamba kukweza zala ngati munthu wokwera makwerero. Azimayi a pamsika akuti akulimbirana zitenje za chipani. Mlonda wina wa ku Kabulonga anawanong'oneza kuti ngakhale mabwana a m'mipanda yamagetsi atembenuka. Ine Helen, mwana wawo, ndinkawauza kuti chitenje chaulere sichikanidwa, koma kunali kuthira madzi pa msana wa bakha.

M'chipinda cha kumbuyo munali amama, akutha tsiku ndi tsiku.

Dzina lawo linali Peggy, koma palibe ankawatchula choncho. Anali Amake John. John anali mwana wawo woyamba, amene anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo anaikidwa kumudzi ku Katete makolo anga asanabwere ku Lusaka. Ine sindinamuone, koma ndinakula ndikumva dzina lake pakhomo pathu m'mawa ndi madzulo.

Khansa inawagwira m'chiberekero. Mwezi wa Juni dokotala anatiitanira pambali, atate ndi ine, n'kunena mofatsa kuti tipite nawo kunyumba akapume. Aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Atate okha anamva zina. Iwo anati vuto ndi makina akale ndi mankhwala osowa, ndipo Makwerero akangolowa m'boma zonse zibwera, amama adzuka n'kubwerera kukaimba ku Chigwirizano cha amayi. Ankalankhula motsimikiza, moti nthawi zina nanenso ndinkafuna kuwakhulupirira.

Amama sanapemphe makina kapena mankhwala. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kupita ku Katete akadali ndi maso. Ankafuna akalambule manda a John ndi manja awo, akaloze okha malo oti adzagone pafupi naye, komanso akatsazike mkulu wawo amene anatsala kumudziko. Ankaukamba ulendowo ngati mwana: nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa, nthochi za ku Nyimba, phiri limene limaoneka munthu akayandikira kwawo.

Atate sanakane. Munthu uja sankadziwa kukana, ankadziwa kuzengereza. Anati voti ya munthu ili kumene analembetsa, ndipo amama analembetsa pa sukulu ya ku Chelstone kuno. Kupita nawo ku Katete chisankho chisanachitike kunali kutaya voti, pamene chaka chino voti iliyonse inali ndi mano.

"Tivote chabe, Amake John," anatero atagwada pambali pa bedi. "Tikavota pa Chinayi, pa Chisanu tili m'basi. Mukafike kumudzi muli mkazi wa munthu wowina."

Apa n'kuti kudakali mwezi wathunthu. Ndinakwiya kwambiri. Ndinauza amama kuti ine ndi ine, nditenga tchuthi kuntchito, tikwere basi awiri, atate atsale ndi makwerero awo. Amama anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anandikumbutsa kuti kwathu mkazi wodwala safika kwa abale ake popanda mwamuna wake. Akafika yekha, mudzi wonse umati wabwezedwa, mwamuna wadya zabwino n'kutaya makoko. Iwo sakanalola kuti atate anenedwe choncho atakhala nawo bwino zaka zonsezi. Ndinayesa kunena kuti zimenezo n'zakale, koma anangotembenukira kukhoma.

Ogasiti analowa ndi mphepo yake ya fumbi. Magalimoto a zimkuzamawu ankadutsa mumsewu mwathu, nyimbo za zipani zikugwedeza mawindo, ndipo amama ankafunsa ngati tsiku layandikira. Anali atasiya kudya, kupatula phala lamadzimadzi. Chikwama chawo cha ulendo anachilongedza kalekale. Munali yunifolomu ya Chigwirizano, kakhasu kakang'ono kopanda mpini, ndi chitenje chatsopano cha mkulu wawo.

Pa tsiku lovota tinawanyamula pa galimoto ya aneba. Mzere unali utazungulira mpanda wa sukulu, koma anthu atawaona anapatuka okha, wapolisi n'kutilowetsa kutsogolo. Mtsikana wa patebulo anagwira dzanja lawo lowonda n'kupaka inki pa chikhadabo cha chala chachikulu. Amama anakana kuthandizidwa. Analowa okha m'kachipinda kovotera atagwira khoma, n'kutulukamo akupuma movutika. Panja anaonetsa atate chalacho.

"Ndavota, atate ake Helen. Lomba tiyeni."

Atate anachigwira chala chija ngati dzira, misozi ili m'maso, n'kulonjeza kuti mawa lomwelo. Koma iwo anali m'gulu loyang'anira kuwerenga mavoti, ndipo usiku umenewo sanabwere. Pa Chisanu anaimba foni mawu atasasa ndi chimwemwe. Anati Kabwata yagwa m'manja mwa Makwerero, Woodlands yagwa, ngakhale Chunga imene sankaiyembekezera. Anati akachoka tsopano anthu angabe mavoti, ndiye ife titsogole ku siteshoni ya mabasi ya Intercity mawa lake, pa Chiweru m'mawa, iwo atipeza komweko.

Tinapitadi. Amene amadziwa Intercity akudziwa mmene anyamata amakulandirira, wina kukoka chikwama uku, wina kukuloza basi uko. Tsiku limenelo ataona amama anachita manyazi. Wina anawabereka kumsana mpaka pa mpando wa pawindo. Amama anakhala tsonga, dzanja lili pa mpando wa pambali pawo kuti wina asakhalepo. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo anandituma kuti ndiwagulire masikono a panjira, iwo amene sankadya.

Basi inayamba kudzaza. Ndinaimbira atate, anati ali m'njira. Ndinaimbanso, anati atsala ndi bokosi limodzi lokha, ndipemphe dalaivala adikire pang'ono. Kachitatu foni inangolira, kumbuyo kwanga anthu akuyamba kung'ung'udza. Kondakitala anabwera n'kuima pa ife, akukanda m'mutu.

"Ba sisi, ba mudala banu bali kuti? Taima maningi, bantu bakalipa. Muyenda olo museluka?"

Ndinagwada m'kanjira ka m'basi, anthu onse akuona, n'kuwapempha amama kuti tipite. Ndinati atate atitsatira ndi basi ya mawa, ndipo amene anganene kuti abwezedwa ndikamuyankha ndine. Iwo anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kugeti kumene anthu amalowera. Kenako anachotsa dzanja pa mpando uja n'kuuza kondakitala kuti atsitse chikwama.

Mnyamata yemwe uja anawaberekanso kutsika nawo. Tinaima pambali n'kuonerera basi ikutuluka, ndipo amama anaitsatira ndi maso mpaka inakhota.

Atate anafika kunyumba masana akuthamanga, thukuta lili kamukamu, kupepesa kuli pakamwa. Ine ndinawauza mawu amene mwana sauza bambo ake. Ndinati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo akwatire makwerero awowo. Amama anandiletsa ndi dzanja. Anauza atate kuti palibe kanthu, tipita pa Sondo tikatuluka m'tchalitchi. Koma pa Sondo m'mawa sanathenso kudzutsa mutu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anatisiya, atate atawagwira dzanja.

Pa Mande m'mawa Lusaka yense anadzuka ndi malipenga. Makwerero anali atawina. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo atate analosera zoona, ndipo zinali zoona zonse: makondakitala aja, azimayi a pamsika aja, ngakhale mlonda wa ku Kabulonga uja sananame. Gulu la achinyamata a chipani linakhotera mumsewu mwathu likuvina, likuimba dzina la atate. Patsogolo panali Mwelwa, wachiwiri kwa atate panthambi, atanyamula makwerero enieni paphewa.

"Ba tcheya, bwelani panja! Tawina! Lelo tizamunyamulani mpaka ku tauni!"

Atafika pageti anaona tenti, mipando ya m'nyumba ili panja, ndi azimayi a Chigwirizano atakhala pansi akuimba motsitsa. Nyimbo ya achinyamatawo inazima. Mwelwa anatsitsa makwerero aja pang'onopang'ono n'kuwagoneka m'ngalande, kenako anavula kapusi n'kukagwada pamaso pa atate. Atate anamugwira paphewa.

Tsiku lonyamuka ndi maliro kupita ku Katete, amayi a Chigwirizano anandilola kulowa pamene ankasambitsa ndi kuveka thupi. Anawaveka yunifolomu ija ya m'chikwama, bulauzi yoyera bwino. Mayi wina wachikulire anaona inki pachala n'kuyamba kuipukuta ndi sopo, kenako ndi mandimu, akudandaula kuti munthu sangapite kwa Mulungu ndi zodetsa za ndale. Inkiyo sinasunthe. Ine ndinawauza kuti aisiye, amama anaigula modula.

Chipani chinapereka lole ndi basi yonyamula anthu. Atate anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera kumbuyo kwa lole n'kukhala pansi pambali pa bokosi, atavala jekete lawo lakale la kuntchito. Ine ndinakhala mbali inayo. Chiwakalipireni tsiku la ku Intercity lija ndinali ndisanawalankhulenso, ndipo sindinkafuna kuyamba.

Tinadutsa Chongwe, tinalowa m'mapiri. M'njira monse anthu ankaona makwerero ojambulidwa pa lole n'kumakweza zala mokondwa, osadziwa chimene tanyamula. Atate sanayang'ane. Ankangokanda chikhadabo chawo cha inki ndi kamwala kamene anatola sindikudziwa kuti, mpaka m'mbali mwake munayamba kutuluka magazi, inki ili pomwepo.

Lole itaima pa Luangwa, anatsika osauza munthu. Anabwerako ndi kamulu ka nsomba zouma kokulunga m'nyuzipepala, n'kukaika pamwamba pa bokosi, kumutu. Kenako anagogoda thabwa ndi chala chija, pang'onopang'ono, monga ankagogodera chitseko cha kuchipinda amama akagona.

"Amake John," anatero motsitsa, "tili pa Luangwa. Madzi ndi ochepa chaka chino."

Anadikira ngati ayankhidwa. Mkwiyo umene ndinausunga masiku onsewo unandithawa, ndipo ndinalira mokweza ngati kamwana. Ndinasuntha n'kukakhala pambali pawo, ndi kuwalanda kamwala kaja.

Kuyambira pamenepo sanasiye. Anawauza titafika pa Kacholola, anawauza za nthochi za pa Nyimba, anawauza za mphambano ya ku Petauke. Phiri la kwawo litayamba kuoneka, anawauza kuti adzuke aone. Zoti tawina sanawauze.